Domeni ya amalume, akaunti ya mwana wa mlongo: lipoti la ntchito imene inatenga masiku 37

Ndimagwira ntchito yoika ndi kukonza makompyuta, netiweki ndi maimelo a makampani ang'onoang'ono mumzinda wa Blantyre. Lipotili ndi la kasitomala wina wa ku Limbe amene amagulitsa mapampu a sola ndi mapaipi othirira mbewu. Sinditchula dzina lake, la kampani yake, kapena la makampani ena amene tinakokana nawo pa nkhaniyi. Ndalemba chifukwa ntchito imene ndinkaiyesa ya theka la tsiku inafika masiku 37, ndipo kuchedwa kwina kunachokera kwa ine ndemwe.

Chimene anandiitanira

Kampaniyi inkalemberana ndi makasitomala ake pa adiresi yaulere ya Gmail kuyambira kale. Zinkayenda, mpaka bungwe lina logula katundu wambiri linawauza kuti makotesheni ndi mapepala a tenda azichokera pa imelo yokhala ndi dzina la kampani. Bambo mwini kampani anakumbukira kuti dzinalo ali nalo kale. Zaka zingapo m'mbuyomo, mwana wa mlongo wawo, amene ankathandiza mu ofesi atangomaliza sukulu, anawapangira webusaiti yokhala ndi dzina lothera ndi .com. Webusaitiyo inafa pakati apa osaidandaula aliyense, mnyamatayo n'kupita ku Johannesburg. Bambowo analipira Google Workspace ya anthu anayi, ntchito ya Google yopereka maimelo okhala ndi dzina la kampani, n'kundiitana Lolemba kuti ndidzalumikize.

Pa ntchito ngati iyi Google imafuna umboni woti domeni, ndiye kuti dzina la pa intaneti ngati lija lothera ndi .com, ndi yanudi. Imakupatsani kamzere ka zilembo koti mukaike ngati rekodi ya TXT mu DNS ya domeniyo, mndandanda umene umauza makompyuta komwe webusaiti ndi makalata a domeniyo zili. Ikakaona, mumasintha rekodi ya MX kuti makalata onse azipita ku maseva ake. Basi. Ndinapempha pasiwedi ya kumene analembetsa domeni. Mayi wa ku akaunti anatulutsa kope lakale la zikuto zolimba momwe munali mapasiwedi a Wi-Fi, a pulinta ndi a Facebook, koma ya domeni munalibe.

"Inetu ndinagula kale zimenezo, ndalama ndinapereka zonse," anatero bambowo.

Mawu amenewa ndi amene anali muzu wa vuto lonse, ngakhale kuti tsiku limenelo sindinawalabadire. Domeni sigulidwa ngati pampu. Imachitidwa lendi, chaka ndi chaka, kapena zaka zingapo pakamodzi mpaka zaka 10. Ngati bambowo analipira kamodzi kokha koma dzina likadalipo, ndiye kuti pali wina amene wakhala akulipira lendiyo.

Zimene ndinapeza

Lachiwiri ndinafufuza domeniyo pa tsamba la ICANN, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo limapereka chilolezo kwa makampani olembetsa mayina othera ndi .com, .org, .net ndi ena otere. Kampani yolembetsa mayina timaitcha registrar. Kale kufufuza kotereku kunkatulutsa dzina la mwini domeni, foni yake ndi imelo yake poyera. Chiyambire May 2018, pamene lamulo la ku Ulaya loteteza mbiri za anthu la GDPR linayamba kugwira ntchito, zambiri mwa izi zimabisidwa. Ndinaona zinthu zinayi zokha zothandiza: dzina la registrar, imene ili kunja kwa dziko, loko ya clientTransferProhibited, yoletsa kusamutsa domeni popanda kulowa mu akaunti, ma nameserver awiri, ndi tsiku lothera lendi. Kuwerengera kuchokera Lolemba lija, linali tsiku la 33.

Apa ndiyenera kufotokoza zinthu zitatu zimene eni mabizinesi ambiri amaziphatikiza n'kuzitcha "webusaiti". Pamwamba pali kaundula wamkulu wa .com, amene amasungidwa ndi kampani ya Verisign. Ameneyu salankhula ndi inu kapena ine. Pakati pali registrar, amene amalandira lendi ndi kulemba m'kaundula muja kuti dzina lakuti ndi la uje, ndipo ofuna kudziwa zambiri akafunse ku maseva akuti. Pansi pali maseva amenewo, ma nameserver, amene amasunga marekodi a TXT, MX ndi ena. Kawirikawiri registrar yemweyo ndi amenenso amasunga marekodiwa, koma si lamulo. Kwa kasitomala wanga ma nameserver ankaloza ku kampani ina ya konkuno imene inkasunga webusaiti ija. Nditafunsa maseva amenewo za domeniyo sanayankhe chilichonse. Kampani yosungayo inafufuta zonse pamene malipiro anasiya kubwera.

Kenako ndinayesa chimene aliyense amayesa, kudina poti ndaiwala pasiwedi. Registrar anayankha kuti watumiza uthenga ku adiresi yoyamba ndi i, yothera ndi dzina la domeni yomweyo. Inali info@. Mnyamata uja anatsegula akaunti ndi imelo yake, koma webusaiti itayamba kugwira ntchito anasintha n'kuika info@ ya kampani, mwina poganiza kuti akuchita zaulemu kwa amalume ake. Ndiye kiyi wa nyumba anatsekeredwa m'nyumba momwemo. Uthenga wosinthira pasiwedi unkapita ku bokosi limene kunalibe, ndipo makalata onse okumbutsa za lendi ankapitanso komweko.

Njira yolambalala

Kusiyana kwa registrar ndi wosunga DNS ndi kumene kunatipatsa mpata. Sindinkafunika kulowa kwa registrar kuti ndiike marekodi. Ndinkangofunika kuti maseva amene domeni ikuloza kale adzuke. Lachitatu ndinapita ku ofesi ya kampani yosunga webusaiti ija. Iwo anali ndi mainvoisi akale m'dzina la kampani ya kasitomala wanga, ndipo bambowo atawaimbira foni anavomera kutsegulanso akauntiyo. Tinalipira mwezi umodzi m'makwacha kudzera pa foni. Madzulo ake ma nameserver anayamba kuyankha.

Ndinaika TXT ya Google, inatsimikizika pasanathe ola. Ndinaloza MX ku smtp.google.com, ndinatulutsa kiyi ya DKIM n'kuiika, ndinawonjezera SPF ndi DMARC yoyambira pa p=none, ndiye kuti yongoyang'anira osakaniza kalata. Zitatu zomalizazi si zokometsera chabe: zimathandiza wolandira kutsimikiza kuti kalata yachokeradi ku domeniyo. Kuyambira February 2024, Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza kalata kwa ogwiritsa ntchito ake akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza makalata okwana 5,000 pa tsiku akhale ndi zonse ziwiri pamodzi ndi DMARC. Kasitomala wanga satumiza ngakhale makalata 50 pa tsiku, koma theka la anthu amene amalemberana nawo ali pa Gmail.

Pano ndinaphonya kanthu kakang'ono. Pulogalamu ya kampani yosungayo inadziikira yokha rekodi ya SPF potsegula akaunti, ine n'kuwonjezera ya Google osayang'ana. Domeni siloledwa kukhala ndi marekodi awiri a SPF. Ikakhala nawo, wolandira kalata amawakana onse. Ndinazindikira Lachinayi nditawerenga mitu ya kalata yoyesera, n'kufufuta yakaleyo. Pofika Lachisanu, tsiku la 5, anthu anayi aja ankatumiza ndi kulandira makalata pa dzina la kampani. Ndinapanganso info@ ngati adiresi yowonjezera yogwera m'bokosi la bambowo.

Bambowo anasangalala, anandilipira, ndipo kwa iwo ntchito inathera pomwepo. Ndinawauza kuti lendi ikutha pakapita milungu inayi, koma ndinanena mopepuka, ngati chinthu chimene ndithana nacho Lolemba m'mawa. Ndinali ndi chifukwa: info@ inali itadzuka, ndiye uthenga wa pasiwedi ufika.

Nambala ya foni

Unafikadi. Lolemba, tsiku la 8, ndinasintha pasiwedi mosavuta. Nditalowetsa yatsopanoyo, registrar anafunsa khodi ya manambala asanu ndi limodzi imene watumiza pa foni yothera ndi manambala awiri amene anawaonetsa. Mayi wa ku akaunti anayang'ana m'foni mwake n'kupeza kuti ndi nambala yakale ya mnyamata uja, imene ankagwiritsa ntchito asanapite ku South Africa.

Ndinaimba. Inalowa, ndipo anayankha mayi wina amene kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la pamsika. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani ya foni imaibweza n'kuigulitsa kwa wina, ndipo popeza kulembetsa SIM khadi ndi chiphaso kunayamba kukakamizidwa kuno mu 2018, nambalayo inali tsopano ya mayiwo mwalamulo. Ndinawalonjera, n'kufotokoza kuti pa foni yawo pafika uthenga wachingerezi wokhala ndi manambala, ndipo ndikupempha kuti andiwerengere.

"Achimwene, zimenezo ine ayi. Anandibera kale anzanu omwewo," anatero, n'kudula.

Ndinakwiya kwa mphindi zochepa, kenako ndinachita manyazi. Mayiwo anachita zimene ineyo ndimaphunzitsa makasitomala anga: munthu wosamudziwa akakuimbirani kuti muwerenge khodi imene yabwera pa foni yanu, dulani. Mbava za ndalama za pafoni zimalankhula ndendende mmene ndinalankhulira ine, mwaulemu womwewo. Bambowo anati tiwatumizire kangachepe ka mayunitsi kuti afewe mtima. Ndinakana, ndipo sindinaimbenso. Ndinaonanso chinthu china chimene sichinandisangalatse. Ine ndinadzutsa DNS ndi kulanda imelo ya akauntiyo m'masiku atatu, popanda kusonyeza registrar chikalata chilichonse. Wakuba wodziwa kulankhula akanatha kuchita chimodzimodzi. Khodi ya pafoni imene inkanditsekereza ndi yokhayo imene inkateteza dzina la kampani kwa munthu wotero.

Fomu yoyamba

Registrar aliyense ali ndi njira ya anthu amene ataya foni kapena imelo. Wathuyu anali ndi fomu yofuna chiphaso cha boma cha mwini akaunti, ndipo ngati akaunti ndi ya kampani, satifiketi ya kampaniyo. Tsiku la 9 ndinatumiza satifiketi yochokera kwa Registrar General, pepala la TPIN la ku MRA, chiphaso cha unzika cha bambowo ndi kalata yosainidwa yodindidwa chidindo. Ndinkaona ngati umboniwu ndi wosatsutsika, popeza dzina la domeni ndi la kampani n'lofanana chilembo ndi chilembo.

Yankho linabwera tsiku la 15. Anati zikalata zathu sizikugwirizana ndi mwini akaunti amene ali m'mabuku awo, ndipo sangatiuze kuti ndi ndani. Nditacheza ndi wothandiza makasitomala pa intaneti, anangondiuza kuti malo olemba dzina la kampani pa akauntiyo ndi opanda kanthu. Akauntiyo inali ya munthu payekha.

Uku ndiko kulakwa kwanga kwenikweni. Ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti amene anatsegula akaunti ndi mnyamata uja, ndipo ndikudziwa mmene achinyamata amadzazira mafomu a pa intaneti: dzina lako, foni yako, khadi yako, podumpha pamene palibe kanyenyezi kofiira. Ndinayenera kuyamba kumufunafuna tsiku lomwelo. Sindinatero chifukwa nthawi iliyonse imene ndinkamutchula, bambowo ankasintha nkhani, ndipo ine ndinasankha njira ya mapepala kuti ndisalowe za m'banja la eni. Masiku 14 anapita choncho.

Kwa registrar, kufanana kwa dzina la domeni ndi la kampani si umboni. M'dziko lina mukhoza kukhala kampani ya dzina lomwelo. Iye amayang'ana amene analembedwa ngati mwini, amene timamutcha registrant. Ndinafunsa ngati tingangolipira lendi popanda kulowa mu akaunti. Ena amalola zimenezi, koma wathuyu anakana. Ndinafunsanso za khadi imene inali pa akauntiyo, anati yatha ntchito, choncho kulipira kochitika kokha sikutheka. Kusamutsira domeni kwa registrar wina kunali kosathekanso, chifukwa pamafunika kuchotsa loko ndi kutenga khodi yosamutsira, ndipo zonsezi zimapatsidwa kwa mwini wolembedwa yekha. Njira ya madandaulo ya UDRP inapangidwira anthu olanda mayina a malonda a ena mwachinyengo, imalipiridwa madola ambiri ndipo imatenga miyezi. Apa panalibe wolanda, komanso tinali ndi masiku 18 okha. Domeniyi ikanakhala yothera ndi .mw nkhani ikanakhala ina, chifukwa kaundula wake amasungidwa ndi SDNP konkuno ndipo munthu angathe kupita ndi mapepala ake m'manja. Koma inali .com.

Kufunafuna mnyamata

Ndinabwerera ku Limbe n'kuwauza bambowo mosabisa: popanda mwana wa mlongo wanu, dzina la kampani likutayika, pamodzi ndi maimelo onse amene mwangosindikiza pa mapepala a tenda. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati anasiyana moipa, ndipo papita zaka ziwiri osalankhulana.

Nambala yake ya ku South Africa imene anali nayo sinkalowa. Uthenga wa pa Facebook sunawerengedwe. Amene anatithandiza ndi mayi ake a mnyamatayo, achemwali awo a bambowa, amene amakhala kumudzi. Zinatenga sabata kuti bambowo alimbe mtima kuwaimbira, ndipo achemwali awowo anayamba afunsa kaye mwana wawo asanapereke nambala. Tsiku la 24 ndinalankhula naye pa WhatsApp usiku ataweruka kuntchito.

Sanali wovuta. Anandiuza kuti walipira lendi ya domeniyo kawiri ndi khadi yake, komaliza ya zaka ziwiri pakamodzi, chifukwa ankadziwa kuti ikatayika adzamunena kuti ndi iyeyo. Atawauza amalume ake koyamba kuti amubwezere, anamuyankha kuti webusaiti inalipiridwa kale ndipo asawadyere masuku pamutu. Mkangano wawo unali ndi zina zambiri, koma iyi inali mbali yake.

"Ine ndilibe nayo ntchito domeniyo," anatero. "Koma amalume andiimbire okha. Asatume munthu."

Pa ntchito yonseyi apa ndi pamene luso langa la kompyuta linalibe phindu. Ndinangowasonyeza bambowo malisiti awiri amene mnyamatayo ananditumizira, okhala ndi masiku ndi ndalama m'madola, n'kuwafotokozeranso pang'onopang'ono nkhani ya lendi. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Sindikudziwa zimene anakambirana usiku umenewo ndipo sindinafunse. Mawa lake mnyamatayo anatumiza chithunzi cha pasipoti yake, ndipo bambowo anauza mayi wa ku akaunti kuti akonze ndalama zomubwezera.

Fomu yachiwiri inapita tsiku la 25, m'dzina lake. Tsiku la 28 inabwezedwa chifukwa kuwala kwa foni kunaphimba tsiku lobadwa pa pasipotiyo. Anajambulanso masana pafupi ndi windo, tinatumizanso tsiku la 29. Registrar anayankha kuti zikalata zalandiridwa, koma pali masiku odikira asanachotse khodi ya pafoni, kuti ngati pempholo ndi labodza mwini weniweni apeze mpata wotsutsa. Chenjezo lotero liyenera kuti linapita pa foni ya mayi wa pamsika uja. M'sabata yomweyo mu info@ munagwa kalata yokumbutsa kuti lendi yatsala pang'ono kutha. Malamulo a ICANN a 2013 amalamula registrar kutumiza zikumbutso ziwiri lendi isanathe, china patatsala pafupifupi mwezi, china patatsala pafupifupi sabata, ndi chachitatu pasanathe masiku asanu itatha. Tinaiwerenga kalatayo tonse atatu, batani lake lolipirira likutifunsa khodi yomwe ija.

Lendi itatha

Tsiku la 33 linali Lachisanu. Ndinali nditakonzekera zimene ndikanatha. Ndinauza ogwira ntchito kuti atumize makalata onse ofunika Lachinayi, ndipo bambowo analembera bungwe la tenda lija kuti kwa masiku angapo aziika adiresi yakale ya Gmail pa kope ya kalata iliyonse. Ndinasunga marekodi onse a DNS pa fayilo.

Domeni ya .com ikatha sipita kwa wina tsiku lomwelo. Pali nthawi yachisomo imene imafika masiku 45, malinga ndi registrar, pamene mwini angalipire mtengo wamba. Ikafufutidwa pamabwera masiku ena 30 oiwombola, koma pa mtengo woposa wa lendi kangapo. Kenako masiku 5 amene palibe angachite kanthu, ndipo dzina limatsegukira aliyense. Ndiye kutaya dzina sikunali pafupi. Chimene chinali pafupi ndi chakuti malamulo omwewo amafuna kuti registrar adule DNS ya domeni yotha kwa masiku ena, kuti mwini azindikire, ndipo ambiri amadula msanga. Wathuyu anachotsa ma nameserver athu usiku wa Lachisanu n'kuika ake, oloza ku tsamba lonena kuti domeniyi yatha.

Kufa kwake kunali kwa pang'onopang'ono, ndipo kunasokoneza anthu mu ofesi kuposa kufa kwa kamodzi. Maseva a .com amauza ofunsa kuti asunge yankho la ma nameserver kwa maola 48. Choncho Loweruka makalata ena ankafika, ena ayi, kutengera ngati seva ya wotumiza ikukumbukirabe yankho lakale. Mayi wa ku akaunti anandiimbira kuti zikuoneka kuti tapulumuka, popeza walandira invoisi m'mawa. Pofika Lolemba palibe chinkalowa. Kutumiza kunkatheka, chifukwa Google siiletsa, koma marekodi a SPF ndi DKIM anali atasowa, ndiye makalata opita kwa anthu a Gmail ankabwerera kapena kugwera ku spam. Ndinawaletsa kutumiza, kuti dzina latsopano lisayambe ndi mbiri yoipa.

Lolemba lomwelo, tsiku la 36, registrar anachotsa khodi ya pafoni. Ndinalowa mu akaunti cha m'ma 4 koloko madzulo, n'kupita molunjika polipira. Khadi ya kampani inakanidwa. Tinayesa ya bambowo, inakanidwanso. Ndalama zinalimo, koma malipiro a kunja pa makhadi a makwacha akhala ovuta chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo ku banki anali atatseka kale. Ndikanayenera kuyesa makhadiwa sabata yathayo ndi kamalipiro kakang'ono; ichi ndi chachiwiri chimene ndikudzidzudzula nacho. Amene analipira ndi mnyamata yemwe uja, ndi khadi yake ya ku South Africa, Lachiwiri m'mamawa asanapite kuntchito. Linali tsiku la 37, ndipo kanali kachitatu kulipirira amalume ake dzinali.

Registrar anabweza ma nameserver athu pasanathe ola, koma maola 48 aja anagwiranso ntchito mbali inayo, ndipo makalata anakhazikika bwino Lachinayi. Maseva ambiri akalephera kupereka kalata amayesabe kwa masiku anayi kapena asanu asanagonje, ndiye Lachiwiri ndi Lachitatu munagwa makalata a Loweruka ndi Lolemba mosakanikirana. Ena anabwerera kwa eni ake nthawi yomweyo. Amene tikuwadziwa ndi atatu, chifukwa eni ake anaimba foni. Kalata ya bungwe la tenda yofunsa mafunso owonjezera inafika pa Gmail yakale ija, ndipo anaiyankha m'nthawi yake.

Zimene ndinasintha, ndi zotsala

Sindinasiye domeni mu akaunti ya mnyamatayo. Ndinatsegula akaunti yatsopano kwa registrar yemweyo m'dzina la kampani, lolembedwa monga lilili pa satifiketi, ndipo iye anakankhira domeniyo mmenemo. Imelo ya akauntiyi si ya pa domeni. Ndi Gmail yakale ya kampani, imene bambowo ndi mayi wa ku akaunti onse amalowamo. Khodi yolowera mu akaunti sibweranso pa SMS koma pa pulogalamu yotulutsa makhodi, imene ili pa mafoni awiri, ndipo makhodi osungira tinawasindikiza n'kuwaika mu envulopu imodzi ndi satifiketi ya kampani. Marekodi a DNS ndinawasamutsira kwa registrar, n'kutseka akaunti ya mwezi umodzi ija. Ine ndili ndi chilolezo chosintha marekodi okha. Ndinakana kukhala mwini akaunti ngakhale kuti bambowo anandipempha, chifukwa nanenso ndikhoza kusamuka, kudwala kapena kukangana nawo.

Kusintha dzina la mwini kunabweretsa loko ya masiku 60 yoletsa kusamutsira domeni kwa registrar wina, monga malamulo ankanenera pa nthawiyo. Tinalola, popeza sitinali pa changu chosamuka. Funso limene latsala ndi la malipiro. Ndinapempha kuti alipiretu zaka zisanu pakamodzi, koma izi zikudikira kuti banki ivomere madolawo, ndipo pakali pano lendi ndi ya chaka chimodzi chokha. Tsiku lake lalembedwa pa kalendala ya pakhoma mu ofesi ya mayi wa ku akaunti, miyezi iwiri lisanafike, ndiponso m'foni mwanga.

Nambala ya mayi wa pamsika ndinaichotsa pa akaunti yakale tisanaitseke, kuti mauthenga achingerezi asiye kuwavutitsa. Ndalama za malipiro atatu aja zinatumizidwa ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo m'buku la ndalama za kampani mayi wa ku akaunti anazilemba pansi pa mutu wa lendi, mzere umodzi ndi ya shopu.